Mudzi Umene Ndinalemba pa Fomu ya Khonsolo

Lachitatu, pakati pa Okutobala 1992

Ndangomaliza kuchapa kolala ya yunifolomu ndi madzi a m'kapu imodzi, chifukwa mpopi wa kusiteshoni lero anautseka msanga. Tsopano ndakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba, kope lili pabondo, dzuwa lidakalipo. Papita masabata atatu ndisanalembe kanthu muno. Zolemba zinalipo, koma ndinkachita manyazi ndi dzanja langa lomwe. Lero ndikufuna kulemba zonse kuyambira poyamba, mwina ndikaziona papepala ndileka kuzibwereza m'mutu.

Tinafika kuno Kuseri kwa Njanji mu Epulo. Kale tinkakhala pa famu ya fodya cha ku Shamva, kumene abambo ankawotcha fodya m'mabalani kuyambira ndisanabadwe. Mvula itakana, damu linauma, fodya anapserera m'munda, ndipo mzungu anachepetsa antchito. Pa famu ntchito ikatha, nyumba nayo yatha. Thirakitala inatisiya m'mbali mwa msewu waukulu ndi mabulangete, mapoto, njinga, ndi ng'oma ziwiri za abambo zokulunga m'saka. Munthu wina wogulitsa nkhuni ndiye anatilozera kuno.

Malo ano si lokesheni. Lokesheni ili tsidya lina la njanji, ndipo ili ndi misewu, mipopi ndi manambala pa zitseko. Kuno kuli nyumba za mitengo ndi dothi, zofolera ndi mapulasitiki akuda a m'nazale za fodya ndi malata adzimbiri otola kumgodi. Ambiri ndife ochotsedwa m'mafamu. Ena ndi Ashona amene lendi ya m'lokesheni inawakanika. Abambo anamanga nyumba yathu masiku asanu ndi anayi. Amayi anaizira pansi mpaka panasalala ngati mbale, ndipo salola munthu kulowamo ndi nsapato. Ili ndi zipinda ziwiri ndi kazenera kamodzi kofanana ndi kope ili kukula kwake. Ndimaikonda. Ndi nyumba yoyamba imene ndinkaganiza kuti palibe kapitawo angabwere kudzatitulutsamo.

Kusukulu, ku Fomu 2, sindinauze aliyense kumene ndimakhala. Ndikaweruka ndimayamba ndalowera njira ya m'lokesheni, anzanga akapatukira kwawo ndiye ndimadumpha njanji. Chishona ndimalankhula bwino, moti ambiri sadziwa kuti ndine mmodzi wa amene amawatchula kuti mabhurandaya, dzina limene amatinyoza nalo ife a ku Malawi. Komabe sindilankhula kawirikawiri. Ngakhale yankho ndikulidziwa, dzanja limandilemera kuimika.

Mu Juni ana ambiri kuno anadwala m'mimba, ndipo wakhanda wa nyumba yachitatu kuchokera pathu anamwalira. Apa ndi pamene khonsolo ya tauni, imene kuno amati kanzuru, inakumbukira kuti tilipo. Makhansala anagawikana. Mmodzi, mwini butchala ya pamsika, ankati malo ano agwetsedwe matenda asanadumphe njanji, pamangidwe siteji ya mabasi. Wina, mayi amene kale anali nesi, ankati tipimiridwe masitandi, ndiwo mapuloti omangapo nyumba, atiikire mpopi umodzi, zimbudzi tikumba tokha. Anakangana miyezi iwiri. Azibambo akuno ankapita kukaima kunja kwa mazenera a holo kukamvetsera, ndipo aliyense ankabwera ndi nkhani yake. Wina ati tapambana, wina ati thirakitala yogwetsera yathiridwa kale mafuta. Amayi anasiya kuwafunsa.

Pomaliza makhansala anagwirizana pakati. Anati amene alibe kwina kopita apatsidwa masitandi, koma amene ali ndi kumudzi kwawo abwerere kumeneko. Mawu amenewa ife tinawamva mochedwa. Chimene tinaona ndi kalaliki wa tayi yofiira amene anabwera Loweruka lina mu Ogasiti, n'kusiya fomu pa nyumba iliyonse. Anati adzatenga Lolemba, ndipo ananyamuka akupukuta nsapato ndi mpango.

Fomuyo inali ya Chingelezi. Anthu anayamba kubwera kwathu chifukwa ankandiona ndi yunifolomu. Apa ndiyenera kulemba zoona: ndinasangalala. Akuluakulu ankakhala pamphasa kudikira, ine ndili pampando wa abambo ndi bolopeni. Amayi ena amasiye a ku Tete, amene nyumba yawo yayang'anizana ndi yathu, ananditcha a sekilitale n'kundipatsa mtedza wodzaza m'manja. Ndinalemba mafomu asanu ndi imodzi, mosamala, chilembo chilichonse m'kabokosi kake. Sindinafufute ngakhale pamodzi.

Yathu ndinailemba pomaliza. Pa mwini nyumba ndinalemba dzina la abambo osafunsa munthu. Kenako zaka zawo, nambala ya chitupa chawo, kuchuluka kwa ana. Nditafika pa funso lachisanu ndi chiwiri ndinati, "Apa akufunsa kumudzi kwanu, abambo."

Abambo anawongola msana. "Lemba Dedza," anatero. Anatchula mudzi, anatchula mfumu yake, anatchulanso phiri limene lili kumbuyo kwa mudziwo, pang'onopang'ono kuti ndisalakwitse. Kabokosi kanachepa, ndinapitiriza kulemba m'mbali mwa pepala.

Abambo sanapondepo ku Dedza. Anabadwira m'komboni ya famu ina cha ku Beatrice. Koma ife timayankha choncho. Munthu akakufunsa kwanu, umatchula mudzi wa amayi ako, ngakhale sunauone. Pamaliro, pa gule, ngakhale m'basi, akuluakulu awiri akakumana amayambira pomwepo, ndipo akafufuzafufuza amapezeka kuti ndi pachibale. Abambo ndi oimba ng'oma za gule, ndipo mafamu onse ozungulira Shamva amawadziwa ndi dzina la mudzi umenewo kuposa dzina la pachitupa. Amayi a ku Tete aja nawonso anatchula mudzi wa amayi awo ku Angonia. Ena anatchula Ntcheu, ena Mchinji. Aliyense ankatchula monyadira, ndipo ine ndinkalemba.

Tsiku lomwelo bambo wina wa Chishona wa ku Mutoko, amene amakonza mawailesi, anasuzumira pa fomu yathu. Yake anali atalemba yekha. Iye ali ndi ng'ombe kwawo, ndipo amapitako Khirisimasi iliyonse, koma pa funso lija anangojambula kamzere.

"Mwanangu," anandiuza m'Chishona akuseka, "pepala la boma silifuna mbiri ya makolo. Ukadzaza chonchi adzakuwerenga kwambiri."

Ndinaganiza kuti akusirira kalembedwe kanga. Ndinangoweramitsa mutu.

Kumapeto kwa Seputembala anamata mapepala awiri pa khoma la holo. Ndinawawerenga ndikuchokera kusukulu, nditaima kumbuyo kwa anthu. Loyamba linali la olandira masitandi. Dzina la bambo wa ku Mutoko linali pomwepo. Lachiwiri linali la amene ali ndi kwawo, ndipo pansi pake panalembedwa kuti achoke Novembala asanathe, apo ayi nyumba zigwetsedwa katundu ali momwemo. Dzina la abambo linali lachinayi. Ndinatsata ndi maso mpaka pansi. Mafomu onse amene ndinalemba ine anali papepala limenelo.

Sindikumbukira mmene ndinadumphira njanji. Ndinafika kunyumba, ndinasesa pabwalo pamene panali posesa kale, ndipo amayi atandifunsa ndinati mutu ukundipweteka. Anamva nkhaniyo kwa anthu ena madzulo ake. Palibe anandikalipira. Ndikanakonda akanandikalipira.

Lamlungu lapitali, titaweruka kutchalitchi, makhansala anaitanitsa msonkhano pa bwalo la mpira. A m'lokesheni anakhala mbali ya mthunzi, ife mbali ya dzuwa. Khansala wa butchala anaimirira ndi mafomu athu m'manja.

"Munalemba nokha," anatero. "Palibe anakugwirani dzanja. Uyu akuti Dedza, mpaka phiri watchula. Munthu wodziwa phiri la kwawo angasokere?"

A mbali ya mthunzi anaseka. Inali fomu yathu. Ndinazindikira zolemba za m'mbali zija ndili patali.

Mayi khansala uja anaimirira osadikira kuti apatsidwe mpata. "Dedza ali m'dziko lina," anatero. "Anthu awa anabadwira m'mafamu omwe ano. Fodya amene anamanga tauni ino anawotcha ndani? Mukuwatumiza kwa yani?"

"Nanga madzi muwatenga kuti, amayi?" anayankha wa butchala. "A m'lokesheni, amene amalipira mwezi ndi mwezi, akutunga kamodzi pa tsiku. Chipatala chilibe mabedi. Ana akayambanso kufa, mudzawanyamula ndinu?"

Apa sanali kunama. Wina kumbuyo anakuwa kuti tisataye nthawi ndi anthu amene savota n'komwe. Wina anati, "Dzokerai kumusha," kutanthauza kuti tibwerere kwathu. Bambo wa ku Mutoko anali atakhala mbali yathu, akungoyang'ana pansi. Anakangana mpaka dzuwa linapendeka, za mapaipi, za malire a tauni, za amene analonjeza chiyani pa chisankho. Ife sanatifunse kanthu. Pomaliza wapampando anati aliyense wa papepala lachiwiri amene alibedi kwina apite ku ofesi Lachisanu lisanadutse, akaimike dzanja pamaso pa kalaliki, akalumbire kuti alibe kumudzi, ndipo adzalemba fomu yatsopano. Mayi khansala anatiyang'ana ngati watibweretsera mphatso.

Pobwerera ndinkayenda mopepuka. Ndinkaona ngati nkhani yatha.

Lolemba m'mawa amayi anatulutsa malaya oyera a abambo n'kuwayala pa mpando. Abambo anawayang'ana, n'kuvala akuntchito.

"Ofesi amatsegula eyiti koloko, bambo," anatero amayi.

"Atsegule."

"Simupita?"

"Ndikaime pamaso pa kamwana ka tayi, dzanja m'mwamba, ndinene kuti amayi anga anatuluka m'chulu?"

"Akuti munene kuti mulibe kopita. Si bodza."

"Akuti ndinene kuti ndilibe kwathu. Ndinamva bwino, Chishona ndimachidziwa."

"Amayi anu anagona pa famu, kuseri kwa damu. Akamva bwanji za ku ofesi?"

"Akumva," anatero abambo. "Tsiku lowaika ndinaima pa manda, ndinatchula mudzi wawo katatu kuti mzimu wawo udziwe njira. Anthu onse a gule analipo. Lero ndikaufufute mudziwo chifukwa cha sitandi? Mawa ndikakhala pa ng'oma, wina akandifunsa kwathu, ndidzati ku khonsolo?"

"Chabwino. Tikwere basi ya ku Dedza. Tikatsika, mukagogoda pa khomo la yani?"

Abambo ananyamuka. Anatulutsa njinga, anaitembenuza matayala m'mwamba, n'kuyamba kumasula tcheni chimene chinalibe vuto. Ndinapita kusukulu ndisanadye. Pa phunziro la jogalafe ndinatsegula buku la mapu n'kuyang'ana kadontho ka Dedza, monga ndimachitira nthawi zambiri aphunzitsi akamalemba pa bolodi. Kuchokera pa Harare ndi zala zitatu zokha.

Dzulo amayi a ku Tete aja anapita kukalumbira. Anabwera masana, anakhala pakhomo pawo atafunda chitenje kumutu ngati ali pamaliro. Ndinafuna kudutsa kumbuyo kwa nyumba kuti asandione, koma anandiitana.

"Mwanawe, bwera. Ukundithawa?"

"Pepani, amayi."

"Wapepesa chiyani? Unalemba zimene ndinakuuza." Anandigwira pamkono. "Anandifunsa kawiri. Ati, mulibedi? Ndinati ndilibe. Pakamwa pakuwawa mpaka pano."

Ndinakhala nawo mpaka anandiuza okha kuti ndizipita.

Lero nditaweruka ndinapeza amayi akusankha nyemba pa lichero. Abambo anali atapita kukafuna ganyu kuchigayo. Ndinakhala pansi n'kuyamba kuwathandiza, ndipo ndili chiweramire ndinanena zimene ndakhala ndikuzisunga masabata atatu. Ndinati ndikanamvera bambo wa ku Mutoko. Ndinati ndine wa kusukulu, ndinayenera kudziwa chimene funso lija linkafuna.

"Ukanajambula kamzere abambo ako akuona?" anatero amayi. "Akanang'amba pepalalo."

Kenako anandifunsa kuti ndiwauze mafunso onse a pa fomu, kuyambira loyamba. Ndimawakumbukira onse. Nditati loyamba linali dzina la mwini nyumba, anasiya kusankha.

"Unalemba ndani?"

"Abambo."

"Anakuuza ndani kuti nyumba ino ndi ya abambo ako?"

Kusukulu, m'mabuku, ngakhale kwa anzanga a m'lokesheni, mwini nyumba ndi bambo. Amayi anaseka pang'ono, kuseka kosafika m'maso.

"Sukuluyi yakuphunzitsa za eni ake. Pa mwambo wathu mwamuna amamanga, koma nyumba ndi ya mkazi. Abambo ako ndikawapirikitsa lero atenga njinga ndi ng'oma zawo basi. Afunse, sakana."

"Ndiye fomu yatsopano ikhale ya dzina lanu?"

"Ikhale ya dzina langa. Dzanja ndikaimika ine."

"Koma amayi, nanunso akakufunsani kwanu."

"Akandifunse."

Pamenepo ndinazindikira kuti pa zaka zanga zonse khumi ndi zisanu sindinamvepo amayi akutchula mudzi. Pamaliro, anthu akayamba kufunsana kwawo, iwo amanyamuka kukaona moto kapena kukatunga madzi. Ndinkaganiza kuti ndi khama lawo chabe. Ndinkangoti nawonso ndi a ku Dedza.

"Kwanu n'kuti, amayi?"

Anatola kamwala m'nyemba, anakayang'ana, n'kukaponya kutali.

"Ndinabadwira pa famu ina ku Wedza. Agogo ako anafika kumeneko wapansi ali kamtsikana, ndi anthu amene sanali abale awo. Anthuwo ena anafa, ena anapitirira ku Joni. Iwo ankangokumbukira mtsinje umene anawoloka ataberekedwa kumsana, ndi nyumba ya khonde lalitali. Dzina la mudzi ayi. Ena ankati kalankhulidwe kawo n'ka ku Tete, ena ankati n'ka ku Malawi. Anamwalira osadziwa." Anapeta nyemba zija kamodzi. "Ndiye ine ndikalumbira popanda kunamiza munthu. Abambo ako asunge Dedza wawo."

Ananena mosavuta, ngati akunena za mtengo wa sopo. Koma sanandiyang'ane.

Kenako ndinawafunsa.

"Nanga ine?"

"Iwe bwanji?"

"Mwana amatchula mudzi wa amayi ake."

"Eya."

"Ndiye Dedza si kwathu."

"Ndi kwa abambo ako. Ndinkakusiya uzitchula chifukwa unkakondwa nako, ndipo ine ndinalibe china chokupatsa." Anandichotsa kaudzu m'tsitsi. "Iwe uli ngati ine, mwanawe. Pepa."

Sindinalire pamaso pawo. Ndinapita kukachapa kolala ija.

Vuto lilipo lina. Amayi alibe chitupa. Pa famu akazi sankafunsidwa, ndipo atayesa kukatenga ndili wamng'ono anawauza kuti abwere ndi kalata ya mfumu ya kwawo. Chimene ali nacho ndi khadi la ubatizo la ku Wedza, lachikasu ndi ukalamba, limene amalisunga m'Baibulo, ndi khadi langa la sikelo lolembedwa dzina lawo. Sitikudziwa ngati kalaliki angalandire zimenezi. Sitikudziwanso ngati angalole kuti nyumba imene inalembedwa kale dzina la mwamuna ilembedwenso la mkazi. Mwina akatiseka. Mwina akati tikufuna kubera boma.

Abambo abwera posachedwapa, ufa uli m'tsitsi ndi m'nsidze. Amayi awauza ali chiimire pakhomo, m'mawu ochepa. Ndamva zonse kuchokera pano, khoma lathu ndi lopyapyala. Kenako abambo anati, "Mukanena pamaso pa anthu, mayi?"

"Ndikanena."

"Zaka zonsezi ndakhala ndikukubisirani."

"Ndikudziwa. Mwachita bwino. Tsopano mvula ili pafupi."

Sanakane, sanavomere. Ndamva akukoka mpando, kenako akupempha madzi osamba m'manja, mawu awo ali otsika ngati a mlendo.

Amayi Chishona amachimva, koma akachita mantha chimawathawa, ndipo Chingelezi sadziwa. Kulemba amangodziwa dzina lawo. Ndiye wolankhula ku ofesi ndikhala ine. Ndikaganiza za kauntala ija, ndi anthu a pamzere akumvetsera, mwina ndi makolo a anzanga a m'kalasi ali pomwepo, ndimachita mantha. Pofika Lolemba sukulu yonse idzakhala itadziwa kumene ndimakhala ndi chimene ndili. Ndayesa kunena mawuwo chapansipansi kanayi, ndipo kawiri mawu anandithera pakati.

Mawa ndi Lachinayi. Sindipita ku maphunziro a m'mawa. Ndidzuka ndi amayi, tikakhala oyamba pa khomo la ofesi lisanatsegulidwe, makhadi awiri aja ali m'kope lino kuti asapindike. Ndikamuuza kalaliki kuti fomu yoyamba ndinalakwitsa ndine, kuti mwini nyumba ndi amayi, ndipo ndikapempha ina. Akakana ndikapempha kuonana ndi mayi khansala uja, ndipo sitikachoka pabenchi mpaka atabwera. Akatipatsa fomuyo, amayi akaimika dzanja, ine ndikalemba. Pa funso lachisanu ndi chiwiri sindikajambula kamzere. Ndikalemba mawu onse, kuti palibe.